Kuzindikira nkhanza kwa ana: namwino aphunzire pa intaneti kapena m'kalasi?

Mwana wa miyezi 3 sakwawa, ndiye akafika naye kuchipatala mwadzidzidzi ali ndi mikwingwirima, namwino ayenera kudabwa. Chimodzimodzi mikwingwirima pakhutu, pakhosi kapena pamimba pa mwana wosakwana zaka 4, bala lozungulira ngati la ndudu, kapena mapazi opsa ndi madzi otentha molekeza bwinobwino ngati wavala sokosi.

Zizindikiro zotere maphunziro a pa intaneti amaziphunzitsa bwino. Namwino amaona zithunzi, kuyankha mafunso, n'kubwereza pafoni akapeza mpata, ngakhale usiku ali pantchito. Chipatala sichichita kutumiza anamwino ambiri kumaphunziro tsiku limodzi.

Koma kompyuta sikuyang'ana m'maso. M'kalasi, mnzako amayerekeza kukhala bambo wokwiya amene akuti mwana anangogwa pabedi. Iwe umayesa kufunsa modekha, osamuloza chala, kwinaku ukulemba mawu ake momwe wawanenera. Koyamba mawu amanjenjemera, ndipo kuli bwino anjenjemerere pamenepo kusiyana ndi pamaso pa mwana weniweni.

Ine ndingayambe ndi intaneti kuti maso atseguke, kenako tsiku la m'kalasi loyeserera kufunsa komanso kukanena kwa oteteza ana.