Phunziro la tsiku limodzi la mmene tingafikire aphungu pa nkhani ya mfuti m'mapaki: zimene ndinapeza nditalipira R700

Kumwera kwa Johannesburg kuli malo ena ophunzitsira kuwombera mfuti, amene ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku ndi kukonzekeretsa anthu ofuna kukapempha laisensi kupolisi, koma chaka chino awonjezera phunziro lina la tsiku limodzi lomwe mfuti siigwiridwa n'komwe. Phunziroli ndi la mmene munthu wamba angalankhulire ndi aphungu a Nyumba ya Malamulo kuti asinthe lamulo, ndipo chitsanzo chimene chimatsogolera tsiku lonse ndi khama la eni mfuti a ku America, amene kwa zaka zambiri akhala akupempha kuti aloledwe kuyenda ndi mfuti yobisa m'mapaki ndi m'malo ena opumulirako omwe ali m'manja mwa boma la fedulo. Ine ndi mlamu wanga tinalipira R700 aliyense, ndipo tinakhala m'chipinda chawo kuyambira 9 koloko m'mawa mpaka 4 koloko madzulo, Loweruka lina mwezi wathawu.

Chimene chinatipititsa kumeneko si kukonda mfuti ayi. Tili ndi kagulu ka Amalawi, ambiri a mpingo umodzi, kamene kamayenda m'timapiri ta m'mphepete mwa mzinda kamodzi pa mwezi, chifukwa munthu wokulira ku Dedza kapena ku Mulanje akakhalitsa pakati pa mipanda ya njerwa ndi mawaya a magetsi amayamba kusowa mphepo ya kuthengo. Tsiku lina anyamata atatu anatulukira kuseri kwa thanthwe, mmodzi ali ndi mfuti ndipo awiri ali ndi mipeni, natigoneka chafufumimba pa udzu wouma. Anatenga mafoni, nsapato, ngakhale botolo la madzi la mwana wa mlamu wanga, amene mpaka lero safuna kumva za phiri. Tikutsika kubwerera ku galimoto, tikuponda minga ndi masokosi okha, aliyense ankafunsa ngati zikanachitika chimodzimodzi wina mwa ife akanakhala ndi mfuti m'chiuno, ndipo ndi funso limeneli ndinalowa nalo m'chipinda chija.

Gawo la m'mawa ndi limene ndingaliyamikire mosakayika. Mphunzitsi wake, bambo wachikulire wolankhula modekha, nkhani ya ku America amaidziwa mpaka kumizu, ndipo anaifotokoza ngati nkhani ya anthu osatopa kugogoda pa khomo limodzi. Kuyambira 1983, m'nthawi ya Pulezidenti Ronald Reagan, wolowa ndi mfuti m'paki ya dziko ankayenera kuichotsa zipolopolo ndi kuisunga poti sangaifikire msanga. Mu Disembala 2007, maseneta oposa 40 a zipani zonse ziwiri analembera nduna yoyang'anira malo a boma, Dirk Kempthorne, kuti asinthe zimenezi, ndipo boma la George W. Bush linasinthadi litatsala pang'ono kutula pansi udindo. Kusinthako sikunathe miyezi itatu, pakuti mu Malichi 2009 woweruza Colleen Kollar-Kotelly wa ku Washington anaikapo chiletso, mabungwe monga Brady Campaign ndi National Parks Conservation Association atadandaula kuti boma silinafufuze mmene nkhaniyi ingakhudzire chilengedwe. Apa ndi pamene Seneta Tom Coburn wa ku Oklahoma anamata ndime ya mfuti pa bilu ya makhadi a ngongole a kubanki, bilu imene Pulezidenti Barack Obama ankaifunitsitsa ndipo sakanafuna kuitaya chifukwa cha ndime imodzi. Maseneta anavomereza ndimeyo ndi mavoti 67 pa 29, aphungu a nyumba inayo ya malamulo, House of Representatives, ndi 279 pa 147, Obama anasaina pa 22 Meyi 2009, ndipo inayamba kugwira ntchito pa 22 Febuluwale 2010.

Mphunzitsiyo anachita bwino posatinamiza kuti lamuloli linatsegula zipata kwa aliyense. Chimene limanena n'chakuti m'mapaki a dziko ndi m'malo otetezera nyama zakuthengo muzitsatiridwa lamulo la mfuti la chigawo chimene malowo ali, ndipo m'nyumba za boma, monga maofesi olandirira alendo, mfuti ndi yoletsedwabe. Anatisonyezanso mbali imene kugogodako kunapeza khomo louma: nyanja ndi madamu oposa 400 m'zigawo 43, amene amayang'aniridwa ndi nthambi ya asilikali ya Army Corps of Engineers, sanakhudzidwe ndi lamulo la 2009. Bilu yotchedwa Recreational Lands Self-Defense Act, imene phungu Bob Gibbs wa ku Ohio anaibweretsa mobwerezabwereza, inakhala zaka zambiri osasanduka lamulo, ndipo mu 2014 woweruza B. Lynn Winmill atagamula kuti chiletso cha nthambiyi chikuphwanya malamulo aakulu a dzikolo, chigamulo chake chinagwira ntchito ku Idaho kokha, pamene khoti la ku Georgia linaona mosiyana. Pa zonsezi anatiphunzitsa mfundo imene ndaisunga, yakuti wopempha ayambe wadziwa mwini malo amene akuwanena, chifukwa malo a boma sakhala ndi mwini mmodzi.

Madzulo tinagwira cholembera. Anatikumbutsa kuti ndime 17 ya malamulo aakulu a South Africa imapereka ufulu wopereka kalata ya madandaulo kwa aliyense, osati kwa nzika zokha, ndipo ndime 59 imakakamiza Nyumba ya Malamulo kumva maganizo a anthu, zomwe khoti lalikulu la malamulo a dziko linatsimikiza mu 2006 pa mlandu wa Doctors for Life. Kwa ife obwera, amene tinazolowera kuyenda mowerama m'dziko la eni, mawu akuti "aliyense" anali ndi kulemera kwake. Kenaka aliyense analemba kalata yopita ku komiti ya aphungu yoona za apolisi. Yanga inali masamba awiri, ndipo theka la tsamba loyamba linali malonje ndi kupepesa powatayitsa nthawi olemekezeka, monga tinaleredwera kwathu. Bamboyo anaima pambali panga ndi cholembera chofiira, nadula malonje onse kusiyako mzere umodzi, nazunguliza chiganizo chonena za botolo la madzi la mwana uja ndi kulemba pambali kuti ndiyambire pamenepo. Anati kalata yotere imayamba kuwerengedwa ndi mlembi wa komiti amene ali ndi mulu wa makalata, choncho mizere itatu yoyamba inene kuti ndine yani, ndikunena ndime iti ya lamulo, ndipo ndikufuna kuti isinthe motani. Pambuyo pake anakhala pampando ngati phungu wofulumira kupita ku msonkhano, natipatsa mphindi zitatu aliyense kuti timugwire mtima. Zimenezi zokha zinandibwezera gawo lalikulu la ndalama zanga.

Koma pali zolakwika zimene sindingazibise, ndipo choyamba n'chokhudza ife Amalawi mwachindunji. Lamulo la mfuti la dziko lino, Firearms Control Act la 2000, limafuna kuti wopempha chiphaso chosonyeza kuti ndi woyenera kukhala ndi mfuti akhale nzika kapena wokhala ndi chilolezo chokhazikika m'dziko muno, ndiponso kawirikawiri akhale wa zaka 21 kapena kuposerapo. M'chipindamo munali anthu asanu ochokera kunja, ndipo wa chilolezo chokhazikika ndinali ine ndekha. Palibe anatifunsa za zimenezi polipira, ndipo nkhaniyi sinatchulidwe mpaka mlamu wanga ataimika dzanja n'kufunsa kuti: "Bambo, ife amene tili ndi mapepala a ntchito okha, lamuloli likasintha tidzapindulapo chiyani?" Mphunzitsiyo anayankha moona kuti sadzapindulapo kanthu, napitiriza phunziro ngati kuti funsolo linali laling'ono. Potuluka mlamu anandiuza chapansipansi kuti: "Alamu, akanandiuza pa foni, ndalama iyi ndikanatumiza kumudzi ya feteleza."

Chachiwiri n'chakuti nkhani ya ku America anaiika pa South Africa ngati chovala chobwereka. Kumeneko mkangano ndi wakuti munthu aloledwe kubisa mfuti, pamene kuno ndime 84 ya lamulo lija imalamula kale kuti woyenda ndi mfuti pagulu aiike m'kachikwama kake kapena m'chikwama ndi kuiphimba yonse. Funso lathu lenileni ndi la pachipata, ndipo chipata chilichonse chili ndi mwini wake. Mapaki a dziko lino ali pansi pa bungwe la boma la SANParks ndi lamulo la 2003 la malo otetezedwa, ndipo ku Kruger mlendo amaulula mfuti yake pachipata kuti imatidwe chidindo, choncho aphungu oyenera kumva nkhani imeneyo ndi a komiti ya zachilengedwe, osati ya apolisi yokha. Malo otetezera zachilengedwe a Suikerbosrand ali m'manja mwa boma la Gauteng, munda wa Walter Sisulu ku Roodepoort uli pansi pa SANBI, bungwe la boma loona za zomera ndi zamoyo zina, pamene mapaki ambiri a mumzinda muno amayang'aniridwa ndi Johannesburg City Parks and Zoo, kutanthauza kuti khomo loyamba kugogoda ndi la khansala. Munthu yemwe anathera ola lathunthu pa kusiyana kwa mapaki ndi madamu a ku America anapatsa nkhani ya malo athu mphindi khumi zokha, ndipo zimenezi zinandiwawa chifukwa ndi zomwe tinkazisowa kwambiri.

Chachitatu ndi chimene chakhala chikundivutitsa maganizo kuposa zina. Otsutsa anangotchulidwa ngati chopinga chofunika kuchilambalala. Mphunzitsiyo ananena za bilu ya kuno ya 2021 imene inafuna kuchotsa kudziteteza pa zifukwa zoperekera laisensi, ndi mmene eni mfuti anaikanira ndi makalata ochuluka, koma sanatifotokozere mfundo za mabungwe monga Gun Free South Africa, amene amakumbutsa kuti mfuti zambiri za achifwamba zinayamba zili zovomerezeka kenaka zinabedwa kapena kutayika. Sananenenso chifukwa chimene oyang'anira paki yomwe ikulimbana ndi opha zipembere angakanire mfuti zosamatidwa mkati mwa mpanda wawo. Ndikakumbukira mmene anyamata aja anatitulukira, nkhope yanga ili kale m'fumbi ndisanatembenuke n'komwe, ndimaona kuti mfuti yanga ikanatha kutipulumutsa, koma ikanathanso kupita pamodzi ndi nsapato zija, mwinanso mwana uja akanaona magazi. Wopita kukaima pamaso pa phungu adzafunsidwa funso limeneli, ndipo phunziro lomuphunzitsa kupempha liyenera kumukonzekeretsa kuliyankha moona mtima.

Za chipinda ndi chakudya palibe chodandaulitsa kwenikweni: mipando ndi yabwino, tiyi ndi nkhomaliro zili m'kati mwa mtengo, ndipo galimoto imaimikidwa mkati mwa mpanda. Kulira kwa mfuti kuchokera kuseri kwa khoma kumasokoneza nthawi zina, mapepala onse ndi a m'Chingerezi cha maloya, ndipo theka la ola lomaliza linapita pa kutsatsa timatumba ta mfuti ndi umembala wa malowo, zomwe ndinaona kuti sizinali zoyenera kwa anthu olipira kale.

Amene ali ndi laisensi kale, kapena mtsogoleri wa gulu amene akufuna kuphunzira kulemba kalata yomveka kwa aphungu, apite ndipo sadzanong'oneza bondo, bola aimbe foni kaye ndi kufunsa ngati awonjezera gawo la malo a kuno. Amene alibe chilolezo chokhazikika atumize munthu mmodzi m'gulu lawo kuti adzaphunzitse anzake. Ife tinatero: sabata yotsatira tinakhala pa khonde la tchalitchi titatha mapemphero, tinalemba kalata ya tsamba limodzi motsatira ndondomeko ya bambo uja, yoyamba ndi botolo la madzi la mwana, koma yopita kwa khansala wa dera la timapiri tija, kupempha kuti Loweruka m'mawa muziyenda alonda ndiponso kuti mpanda wogumuka wa kumunsi ukonzedwe. Mlamu wanga ndiye anasaina poyamba, ndipo ndiyenso anakaipereka ku ofesi Lolemba asanapite ku ntchito.