Bomba la nkhondo ya Hitler linatitulutsa m'nyumba

Abale kumudziko, musaseke, koma nkhondo yomwe inatha mu 1945 inatichotsa m'nyumba kuno ku Berlin. Anthu okumba maziko a nyumba pafupi ndi kwathu anapeza bomba lomwe ndege inaponya kalekale koma silinaphulike. Apolisi anayenda khomo ndi khomo kuti tonse tituluke. Ine mtima unali thi thi thi, pomwe eni dziko anangonyamula mankhwala awo, mabuku ndi agalu, ulendo ku holo ya sukulu. Mabomba otere amawapeza chaka ndi chaka.

M'holomo ndinakhala moyandikana ndi agogo ena aakazi amene mu Epulo 1945 anali kamtsikana. Akuti masiku omalizawo ankabisala m'chipinda chapansi pa nyumba, mumdima, pulasitala ikuyoyoka kudenga mizinga ikalira. Kukati zii, mayi awo ankathamanga ndi ndowa kukapopa madzi pa mjigo wa mumsewu. Mijigo yobiriwira ija ilipobe. Ine ndinkaiyesa yokongoletsera mzinda.

Asilikali a Soviet Union anayamba kukankhira ku Berlin pa 16 Epulo kuchokera ku mtsinje wa Oder. Zinali zoonekeratu kuti Germany yagonja, koma Hitler ankapatsabe mfuti nkhalamba ndi tianyamata tosamera ndevu. Chimenechi ndiye chimandinyansa kwambiri, chifukwa mwiniwakeyo anadzipha pa 30 Epulo ali m'phanga lake la konkire, mzinda n'kugonja pa 2 Meyi. Lero pamalopo anthu amaimikapo magalimoto, pali kachikwangwani basi.

Loweruka lina ndinapita ku Karlshorst, dera lina la Berlin, kukaona holo imene Keitel, mkulu wa asilikali a Germany, anasainiramo zogonja pamaso pa Zhukov, mtsogoleri wa asilikali a Soviet Union, usiku wa pa 8 Meyi. Ku Moscow kunali kutakwana kale pa 9, n'chifukwa chake a ku Russia amakondwerera tsiku losiyana ndi anzawo. Ndinakweranso Teufelsberg, phiri lomera mitengo bwinobwino, koma pansi pake ndi njerwa za nyumba zogumuka zomwe ankatayira kumeneko nkhondo itatha.

Ndikawauza anzanga kuntchito kuti anyamata a ku Nyasaland nawo anamenya nkhondoyi mu King's African Rifles, amangoti kukamwa yasa. Ena mwa asilikali athuwo anamenyera ku Burma, ndipo nkhondo ya kumeneko sinathe mu Meyi ayi, inadikira kuti Japan igonje mu Ogasiti 1945.