Vanishi ya polyurethane pa mpando wakale: ndiyo ikupirira nyengo ya kuchigwa cha Shire

Mipando yakale ija yokhala ndi potsamira mikono, ya mlombwa kapena m'bawa, ikadalipo m'makomo ambiri ku Nchalo, Ngabu, Bangula mpaka ku Nsanje boma. Nthawi zambiri thabwa lake limakhala lidakali lolimba, chatha ndi chopaka chapamwamba basi. Pa zopaka zinayi zimene akalipentala amakonda kutchula, shellac (utomoni wosungunulira ndi sipiriti), lacquer yopopera, mafuta a linseed ndi vanishi ya polyurethane, ife tikuyamikira yomalizayi. Koma ikhale yosungunulira ndi turpentine, osati ndi madzi, ndipo pa chitini palembedwe kuti satin, ija yosanyezimira kwambiri.

Chifukwa chake ndi nyengo yathu. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndiye m'nyumba ya malata musachite kufunsa. Mvula ikayamba chinyezi chimakwera, thabwa nkufufuma, chilimwe nkunyalanso. Onjezani thukuta la m'manja tsiku ndi tsiku pamalo amodzimodzi. Shellac ndi yokongola kuposa zonse, imaonetsa mizere ya mlombwa bwino kwambiri, koma imafewa ikatenthedwa, kapu ya madzi imasiyapo chizindikiro choyera, ndipo dontho la kachasu limaisungunula pomwepo. Lacquer kukatentha imauma isanakhazikike pa thabwa nkusiya totupatupa, pomwe nthawi ya dzinja imachita mbuu. Linseed payokha siletsa madzi, imachedwa kuuma, imakola fumbi nkudetsa thabwa.

Musanakhudze sandipepa, dziwani kaye chimene chinapakidwapo kale. Nyowetsani kansalu ndi sipiriti wofiirira uja wa methylated, mupukute kuseri kwa mwendo. Pakamata, imeneyo ndi shellac. Ikapanda kusuntha yesani thinner; ikasungunuka ndi lacquer. Ikakana zonse ziwiri ndi vanishi. Apa pali chinthu chimene sitifuna kubisa: ngati shellac yakaleyo ili bwinobwino ndipo mpando umakhala pabalaza posafika dzuwa, musaipale. Ipukuteni, mupake phula pang'ono. Mtundu umene thabwa latenga m'zaka makumi ambiri ukachoka subwereranso, ndipo mtengo wa mpandowo umatsika.

Ngati chopakacho chasweka kapena kusendeka, chotsani shellac ndi sipiriti kapena lacquer ndi thinner, mukupukuta ndi sitiliwulu wosalala, osati galasi losweka. Kwechani ndi manja motsata mizere ya thabwa, ndi sandipepa wa nambala 150 kenako 220. Makina okwechera amadya m'mbali ndi m'zosema. Molumikizira mogwedera mukonzeretu: chotsani guluu wakale yense, thirani watsopano, mangani ndi chingwe cha mphira usiku wonse. Mukaona timabowo ndi ufa pansi pa mpando, ndiye kuti ukufumbwa. Lowetsani mankhwala a matabwa m'timabowomo ndi jakisoni, mudikire aume. Oyilo wakale wa galimoto amene ena amapaka poopa chiswe musamuyandikize, vanishi sigwira pamene iye walowa. Polishi wa pansi nayenso amachita chimodzimodzi, mumuchotse ndi turpentine. Mpando umene unamizidwa pa madzi osefukira, monga a 2015 kapena a namondwe Freddy mu 2023, nthawi zambiri umakhala ndi matope ouma m'molumikizira, ndipo guluu sagwira pa matope. Wonyowa chaposachedwa uumire pamthunzi milungu ingapo, padzuwa ung'ambika.

Kapakidwe ndiye pagona nkhani. Vanishi yochokera m'chitini ndi yolimba kwambiri kwa kuno. Bulashi isanafike kumapeto kwa thabwa, koyambira kwayamba kale kugwira, nkusiya mizere. Sakanizani vanishi kapu imodzi ndi turpentine kapu imodzi, mutakase ndi kamtengo. Osakhutchumula chitini, thovu lake limaumira pa mpando. Pakani ndi nsalu ya thonje yopanda ulusi wothothoka, mopyapyala, kuyambira pansi pa mpando ndi kunsi kwa miyendo kumene thabwa limamwa chinyezi cha pasimenti. Nthawi yabwino ndi m'mamawa dzuwa lisanakwere, m'chipinda chowazidwa madzi pansi kuti fumbi lisauluke, mazenera ali otsegula pang'ono. Usiku ndi nyale ayi, tizilombo timadzamatirira.

Dikirani maola 24, mukweche pang'ono ndi nambala 320, mupukute fumbi, mupakenso. Chitani kanayi kapena kasanu, potsamira mikono muwonjezere kawiri. Theka la lita limakwanira mpando umodzi nkutsalako. Mukakwecha nkuona kuti m'malo mwa ufa woyera pakutuluka timibulu tomata, sinaume. Isiyeni tsiku lina. Ambiri amalakwitsa pomwepa, amapaka pamwamba pa yosauma, ndiye mpando umakhala ukumata malaya mpaka mwezi.

Zofooka zake zilipo. Imachita chikasu pakapita zaka, ngakhale pa mlombwa ndi m'bawa sizioneka kwenikweni. Ikakalika sisungunuka kuti muzigambe malo amodzi monga shellac, pamafunika kukwecha mbali yonseyo. Mukaipaka yochindikala, makamaka ya gloss, yonyezimira kwambiri ija, mpando wa agogo umaoneka ngati wapulasitiki, ndipo zimenezi zimatiwawa kuziona. Dzuwa siipirira: mpando wa pakhonde umafuna vanishi ya panja yolembedwa kuti exterior kapena yacht, imene imatamuka pamodzi ndi thabwa. Pogula, funsani wogulitsa atsegule chitini. Chikakhala ndi chikopa chochindikala pamwamba kapena yalimba ngati phala, chakhalitsa pa shelefu, chisiyeni.

Nsalu zopakira musaziunjike pakona. Mafuta a m'vanishi ndi a linseed amatentha okha akamauma, ndipo mulu wa nsalu ukhoza kuyaka popanda machesi. Ziyanikeni panja imodziimodzi kapena zimizeni m'ndowa ya madzi. Mpando mungaukhalire pakatha sabata, koma makhushoni ndi zoyala zapulasitiki zidikire milungu itatu kapena inayi kuti vanishi ilimbiretu.