Ndemanga: tinalipira munthu wothandiza mwana wathu kukonza portfolio yofunsira malo ku yunivesite

Nyenyezi 4 pa 5. Ndikulembera makamaka makolo anzanga okhala kuno ku Britain amene ana awo akufuna kuphunzira graphic design, zamafashoni kapena zojambula mapulani a nyumba, ndipo mutu ukuwazungulira ngati n'koyenera kutulutsa ndalama kuti wina athandize mwanayo pa portfolio, kutanthauza ntchito zake zaluso zosankhidwa n'kuikidwa pamodzi kuti yunivesite izione. Ife tinatulutsa, ndipo ndalamayo sinapite m'madzi, ngakhale pali zinthu zitatu zimene zinandiwawa. Ndizinena m'munsimu.

Kwa amene simunadutsemo: pofunsira malo kudzera ku UCAS, bungwe limene limalandira zofunsira malo m'mayunivesite a kuno, mwana amasankha maphunziro osaposa asanu, ndipo tsiku lotsekera la maphunziro ambiri limagwa mu Januwale. Koma ku maphunziro a zaluso, magiredi a A-level paokha satsegula chitseko. Amafuna aone ntchito ya manja a mwanayo. Makoleji a University of the Arts London, monga Central Saint Martins ndi London College of Communication, amafuna kuti ntchitoyo uyiike pa tsamba la pa intaneti lotchedwa PebblePad, ndipo kosi iliyonse imanena yokha kuchuluka kwa masamba amene ikulola. Mayunivesite ena amangofuna fayilo imodzi ya PDF, pomwe ena amadzaona ntchitoyo pa tsiku la intaviyu. Mwana wanga wamkazi anali akuchita Foundation Diploma in Art and Design, kosi ya chaka chimodzi ija, ndipo ntchito anali nayo yochuluka zedi. Ina inali m'mafoda kuseri kwa kabati, ina pa foni, ina pa laputopu. Aphunzitsi ake akukoleji ankamuthandiza ndithu, koma mphunzitsi mmodzi wa kalasi yonse sangakhale nawe pansi n'kuona pepala lililonse.

Tikufufuza pa intaneti, tinapeza anthu ambiri otsatsa ntchito imeneyi. Ena amalemba poyera kuti akupangira chilichonse, kuyambira zojambula mpaka mawu ofotokozera, iwe ungoikapo dzina. Amene tinawasankha ndi mayi wina amene wagwira ntchito ya design zaka zambiri ndipo anaphunzitsapo kukoleji. Pa kukumana koyamba pa Zoom ndinawafunsa ngati angasalazeko zojambula zina zimene ineyo ndinkaziona zokhota. Anakana mwaulemu koma mosazengereza. Anati sadzajambula ngakhale mzere umodzi pa ntchito ya mwana, chifukwa wofunsira malo amatsimikiza kuti ntchitoyo ndi yake, komanso pa intaviyu aphunzitsi amaloza tsamba n'kufunsa kuti unayamba bwanji, unasankhiranji mtundu uwu, n'chiyani chinakuvuta. Mwana amene anagula ntchito ya wina amangoti kukamwa yasa. Yankho limenelo ndilo linandipangitsa kuwakhulupirira.

Phindu lalikulu la mayiwa linali pa kusankha. Anauza mwanayu kuti ajambule ndi foni chilichonse chimene ali nacho, chabwino ndi choipa chomwe, n'kuwatumizira. Kenako anayamba kupeta ngati mpunga m'lichero, ndipo zimene zinauluka ndi zimene ife kunyumba tinkanyadira kwambiri. Panali zithunzi za nkhope za anthu otchuka zimene anazijambula ndi pensulo potengera zithunzi za pa intaneti, zosalala moti alendo akabwera tinkawaonetsa. Mayiwa anati zichoke. Mwana anakwiya mpaka kutseka laputopu, n'kubwera kukhitchini. "Amayi, akuti ndichotse zonse zokongola ndisiye zonyansa. Ndalama zanu zikupita pachabe izi." Ndinamuuza kuti, "Iwe, tamva kaye chifukwa chake, ukakane pambuyo."

Chifukwa chake chinali chomveka. Kukopera chithunzi kumaonetsa kuti dzanja ndi lokhazikika, koma sikuonetsa kuti mwana amaganiza bwanji, ndipo aphunzitsi a design amafuna kuona maganizowo. N'chifukwa chake anasunga masamba a kabuku kake kojambulamo, kodzaza zofufutafufuta ndi timawu tolemba m'mbali, komanso zojambula zimene anapanga akuyang'ana chinthu chenicheni: manja a bambo ake akusenda mbatata, anthu atakhala m'basi, mpando wa kukhitchini.

Pamuluwo panalinso ntchito imene mwanayu ankaichitira manyazi poganiza kuti kuno palibe angaimvetse. Anayesa kupanga zikwangwani pogwiritsa ntchito zilembo za Mwangwego, zija anayamba kupanga a Nolence Mwangwego mu 1979 n'kuzikhazikitsa mu 1997 kuti zizilembera zilankhulo za ku Malawi. M'zilembo zimenezi chizindikiro chimaimira phatikizo lathunthu, ndiye mzere wa mawu umaoneka mosiyana kwambiri ndi wa zilembo zimene tinazolowera. Mayiwa anali asanazimvepo, koma atangoziona anati ntchito imeneyi ikhale kutsogolo, ndipo anaipatsa masamba ochuluka kuposa ina iliyonse. Anamutuma akasonkhanitse zonse zimene zinatsogolera zikwangwanizo: mmene anaphunzirira kulemba zilembozo pamanja, mmene anayesera kuzinenepetsa kuti zizioneka patali, zoyesa zimene zinakanika chifukwa mizere inkaphatikizana ikasindikizidwa yaing'ono, ndi pamene anasinthira. Anamufunsanso mafunso olimba amene ine sindikanawaganiza, monga akuti chikwangwanicho akuchipangira ndani, popeza Amalawi ambiri sadziwa kuwerenga zilembozo. Mwanayu anabwerera kukaikamo zilembo wamba pansi pa chizindikiro chilichonse, ndipo kusinthako kunalowanso mu portfolio. Kunena zoona, ndinamva bwino mumtima kuona mwana wokulira kuno akuwerama usiku kuphunzira chinthu cha kwathu, ndipo munthu wa kunja akumuuza kuti chimenechi ndiye chuma chake.

Pa kajambulidwe ka zithunzi anatipatsa malangizo achindunji. Ntchito ya papepala aijambulire masana pafupi ndi windo, osayatsa flash, pepala litagona pamalo oyera, foni italunjika bwino kuti m'mphepete musapendekeke. Zing'onozing'ono azichite scan pa 300 dpi. Mapepala a A3, amene ndi 297 mm kwa 420 mm, salowa m'makina a scan apanyumba, ndiye anapita nawo kukoleji. Anatikumbutsanso kuti mafayilo akhale mu RGB (mitundu ya pa kompyuta), osati CMYK (mitundu yosindikizira), poti adzaonedwa pa kompyuta, osasindikizidwa. Masamba anawayala chopingasa mu pulogalamu ya pa kompyuta ya Adobe InDesign, ali limodzi pa Zoom, mwana akugwira yekha mbewa ya kompyuta, iwo akungonena kuti apa padzaza, apa pasiye mpata. Mitundu ya zilembo anangolola iwiri. Pansi pa ntchito iliyonse pali mzere waufupi wonena mutu, zipangizo, kukula ndi chaka, basi. Mawu ofotokozera analemba mwana yekha, iwo ankangodula akatalika.

Anamuchititsanso intaviyu yoyeserera. Poyamba mwanayu ankayankha mwamanyazi, mawu amodziamodzi, maso ali pansi monga tinamulerera kuti azilankhulira akuluakulu. Mayiwa anamuuza kuti kumeneko akufuna munthu woteteza ntchito yake, ngakhale wotsutsana ndi mphunzitsi ngati ali ndi chifukwa. Atapita ku intaviyu yeniyeni, mafunso ambiri anagwera pa zikwangwani zija, ndipo anali ndi mayankho chifukwa njira yonse anayenda ndi miyendo yake. Malo anawapeza.

Tsopano zondiwawa. Choyamba, mtengo umene tinagwirizana unali wa portfolio imodzi, koma sanatiuze poyamba kuti kuiyalanso kuti igwirizane ndi zofuna za yunivesite ina n'kolipira padera. Popeza mayunivesite amasiyana pa kuchuluka kwa masamba ndi kukula kwa fayilo, munthu wodziwa ntchitoyi ankadziwa kuti zimenezi zidzafunika, ndipo anayenera kunena tisanalipire theka loyamba. Ndinalipira, koma ndinawalembera imelo kuwauza kuti sizinandisangalatse. Anapepesa n'kuchotsako pang'ono.

Chachiwiri, itayandikira nthawi yotumiza anayamba kuchedwa kuyankha. Zinkaoneka kuti anatenga ana ambiri nthawi imodzi. Mwana amene akuwerenga masiku otsala, akadikira yankho la imelo kuyambira Lolemba mpaka kumapeto kwa sabata, tulo samalipeza, ndipo nyumba yonse imavutika naye.

Chachitatu ndicho chinandichotsetsa nyenyezi. Pomaliza anatitumizira PDF yokha. Fayilo ya InDesign, imene ungasinthemo tsamba kapena kuwonjezeramo ntchito yatsopano, inatsala kwa iwo chifukwa ntchito yomaliza yoyala inachitikira pa kompyuta yawo. Tinachita kuipempha mobwerezabwereza. Itabwera, mtundu umodzi wa zilembo sunatseguke chifukwa unali wogula, ndipo chilolezo chake chinali cha iwo okha, moti mwana anayalanso mitu yonse ndi zilembo zina. Portfolio si chinthu chotha ntchito ukalowa yunivesite. Adzaifuna pofunsira ntchito yoyeserera, ndiye fayiloyo iyenera kukhala m'manja mwa mwini wake kuyambira tsiku loyamba.

Kodi aliyense akufunika kulipira? Ayi. Mayunivesite ambiri amaika okha malangizo ndi mavidiyo aulere onena zimene akufuna mu portfolio, ndipo pa tsamba la pa intaneti la Behance mwana angaone mmene anzake amayalira ntchito zawo. Ngati ali ndi mphunzitsi wa zaluso amene ali ndi nthawi yokhala naye, ndalama yanu isungeni. Abale ena a ku Johannesburg anandifunsa za mwana wawo amene akufuna kulowa Faculty of Art, Design and Architecture ku University of Johannesburg, kumene amafunanso portfolio. Ndinawauza kuti ayambe awerenga bwino zimene kosiyo ikupempha, ndipo afune wothandiza wa komweko, chifukwa kulipira m'mapaundi uku ukulandira malandi n'kudzipweteka.

Ngati mwaganiza zolipira, yambani mu Seputembala kapena Okutobala, nthawi imene othandizawa sanapanikizike ndipo mwana akadali ndi mpata wopanga ntchito yatsopano yotsekera pamene paperewera. Musanatumize khobidi lililonse, pemphani kuti akulembereni mu imelo kuti mtengowo ukuphatikiza mayunivesite angati, amayankha pasanathe masiku angati, komanso kuti fayilo ya InDesign idzakhala pa kompyuta ya mwana wanu, ndi zilembo zaulere zimene zingatseguke paliponse.