Beetle yanga ya 1974, chaka chitatha chimangireni injini

Mnzanga wa ku Zomba wagula Kombi yakale yomwe yakhala pamiyala zaka zambiri, ndiye sabata yatha amandifunsa ngati angaitanitse zida za injini kwa munthu uja ndinagulako ine ku Johannesburg. Pafoni ndinalephera kumuyankha mwachidule. Zimene ndinalemba kuno nditangoiliza injini koyamba zinali za munthu wosangalala amene anali asanakwere nayo phiri ngakhale limodzi, choncho ndati ndilembenso tsopano poti chaka chapitirira.

Kwa amene simunawerenge zoyambazo: galimoto ndi Volkswagen Beetle ya 1974 yopangidwa ku Uitenhage, mzinda umene pano ukutchedwa Kariega. Kumeneko ankapanga ma Beetle kuyambira 1951 mpaka 1979, n'chifukwa chake zida zake zimapezekabe ku South Africa pomwe kuno kwathu muyenera kuchita kufukula m'masikirapu. Injini ndi 1600, masilinda anayi ogona, awiri uku awiri uku, yopanda radiator. Imazizira ndi mphepo ya fani komanso oyilo basi. Ndinaimasula yonse kuseri kwa nyumba ku Chilomoni, pansi pa mtengo wa mango, n'kuimanganso ndi zida zomwe zinabwera pa basi kudzera pa Mwanza: masilinda ndi mapisitoni a 85.5 mm, maring'i, mabering'i, magasiketi, ndi timapaipi ta ma pushrod. Pamwamba pa izi wogulitsayo anandikakamiza kuti nditengenso kabuleta yatsopano yotengera Solex 34 PICT-3 ndi distributor (chida chogawa moto kupita ku mapulagi) yotengera mtundu wa 009, akuti ndikaphatikiza ziwirizi galimoto idzauluka. Nkhani yonse ya lero yagona pa ziwiri zimenezi.

Zamkati mwa injini ndilibe nazo mawu. Utsi palibe, oyilo satsika pakati pa service ndi service, kompuresheni ndi yofanana m'masilinda onse. Timapaipi ta ma pushrod, tomwe pa Beetle iliyonse timadziwika ndi kudontheza, mpaka lero n'touma. Kusewera kwa crankshaft kutsogolo ndi kumbuyo ndinakuika pakati pa 0.07 ndi 0.13 mm ndi mashimu atatu, tizitsulo topyapyala tochepetsera mpata, ndipo nditakoka pulley mwezi watha sikunasunthe. Gasiketi imodzi ya chivundikiro cha mavalavu imatuluka thukuta pang'ono, koma zimenezo si zolembera kalata.

Ntchito imene injiniyi imafuna ndi ija ya kale lomwe. Ilibe fyuluta ya oyilo, ili ndi kasefa ka waya pansi, ndiye malita 2.5 aja amatayidwa pa makilomita 5,000 alionse, ndipo nyengo ya fumbi ine sindidikira kuti akwane. Mavalavu ndimawayeza m'mawa injini ili yozizira, 0.15 mm onse asanu ndi atatu. Valavu ya ekisozi ya silinda nambala 3 ndiyo ndimayamba nayo, chifukwa ikayamba kuthina ndiye kuti kutentha kwayamba kuidya.

Tsopano vuto lija.

Injini ikangolira payokha inkamveka bwino. Pamsewu wautali inkathamanga bwino. Koma ponyamuka, kapena potuluka pakona mu giya yachiwiri, ndikangoponda moto inkayamba yatsamwa kaye ngati munthu womeza mbamu yaikulu ya nsima, kenako n'kudumpha mwadzidzidzi. Kamphindi kameneko n'kochepa, koma yesani kukhala nako pa roundabout ya pa Clock Tower nthawi yoweruka, minibasi ili pambuyo panu ikuimba hutala, kondakitala atatulutsa mutu pawindo akufunsa ngati galimotoyo mwaibwereka ku museum. Masiku ena inkafika pozimiratu. Akazi anga anasiya kuikwera popita kutchalitchi, akuti manyazi awakwana.

Ndinayamba ndi zimene aliyense angayambe nazo. Sikuluu yosakaniza mpweya ndi petulo ndinaitembenuza uku ndi uku mpaka injini inkalira payokha bwinobwino, ikuzungulira pafupifupi ka 850 pa mphindi. Ndinachotsa air cleaner n'kusuzumira m'kamwa mwa kabuleta ndikukoka chingwe cha moto, kuti ndione ngati kapampu kowonjezera petulo mukaponda moto kakulavula petulo molunjika kukhosi. Kankalavula. Ndinawonjezera mlingo wake, zinachepako pang'ono, koma thanki inayamba kutha msanga. Marabala awiri olumikiza manifold, paipi yochokera ku kabuleta kupita ku masilinda, ndinawapopera petulo injini ikulira kuti ndimve ngati liwu lisinthe, kusonyeza kuti mpweya ukuba polowera. Silinasinthe.

Chinthu chimodzi chomwe ndinapeza panjira ndipo chinali choona ndi kapaipi kopyapyala kodutsa pansi pa manifold, kamene kamatenga utsi wotentha wa ekisozi kuti kazifunditsa pansi pa kabuleta. Pa injini zakale kamatsekeka ndi mwaye. Kanga kanali kotsekeka gwa. Umadziwira apa: injini itatentha, gwirani pansi pa kabuleta, ngati pakuzizira mpaka kuchita mame ndiye kuti kapaipiko sikakugwira ntchito. Ndinadula chingwe chakale cha kilatchi, n'kumasula nsonga yake kuti mawaya ayanzike, n'kuchimanga ku drill, n'kumachilowetsa pang'onopang'ono mbali zonse ziwiri mpaka mwaye wakuda unayamba kugwa pa simenti. Zitatero, m'mawa wa chiperoni mu Juni ndi Julayi galimoto inasiya kuzima pamphambano. Koma kutsamwa kuja ponyamuka kunatsalabe, mwezi ndi mwezi.

Amene anandimasulira ndi mdala wina wa ku Ndirande amene anakulira pa ma Beetle ndi ma Kombi nthawi imene anali mbwee m'tauni muno. Sanagwire sipana n'komwe. Anatsegula chitseko cha kumbuyo komwe kuli injini, anayang'ana, n'kuloza kapaipi kakang'ono kumbali kwa kabuleta komwe ndinatseka ndi kachipewa ka rabala monga anandiuzira wogulitsa uja.

"Achimwene, apa panali kupita chiyani?"

Ndinati palibe, distributor iyi siifuna paipi.

"Iyoyo siifuna. Nanga kabuletayi?"

Kufotokoza kwawo kunali kotere. Distributor ya 009 ili ndi tizitsulo tolemera tokha m'kati, tomwe timatambasuka injini ikathamanga n'kufulumizitsa moto wa mapulagi. Ngati injini sinakwere liwiro, moto sufulumira. Koma 34 PICT-3 inapangidwa kuti izipereka petulo wochepa, ndipo imadalira distributor yokhala ndi kachitini ka vacuum m'mbali, kamene kamakoka moto kuti ufulumire nthawi yomweyo mwangotsegula khosi la kabuleta. Ndiye mukaponda, mpweya wambiri umalowa, petulo ndi wochepa, moto ukubwera mochedwa: injini itsamwa mpaka liwiro litakwera lokha. Zida ziwirizi payokhapayokha zilibe mlandu waukulu. Kuzikwatitsa ndiko kulakwa, ndipo munthu amene amagulitsa zida za Volkswagen tsiku ndi tsiku sangakhale wosadziwa zimenezi.

Pali njira yachidule imene amakaniko ambiri a m'mbali mwa msewu angakupatseni: kupotoza distributor kuti moto uzibwera msanga kuyambira pansi. Kutsamwa kumachepadi. Koma 009 siitcheredwa injini ikulira payokha, imatcheredwa ili pamwamba, ikuzungulira cha m'ma 3,000 pa mphindi, kuti moto usafulumire kupitirira madigiri 28 mpaka 30. Mukaupititsa kuti muthetse vuto la ponyamuka, pamwamba umadutsa malire, injini imayamba kulira ngati muli timiyala pokwera chitunda, ndipo pa injini yopanda madzi mapeto ake ndi pisitoni yobooka. Mdalayo anati waona zambiri zotero. Komanso yanga yotengerayi, titaiunika ndi timing light, nyale yoonera nthawi imene moto ukubwera, chizindikiro cha pa pulley chinkavina osakhazikika, kusonyeza kuti shaft yake inali itayamba kale kugwedera chaka chisanathe.

Mankhwala ake anali m'katoni ya zida zakale pakhonde panga. Distributor yoyambirira ya galimotoyi inali bwinobwino, kupatula kachitini ka vacuum komwe kanabooka m'kati: ukayamwa paipi yake ndi pakamwa, mpweya unkangodutsa. Tinapeza kena pa Beetle yakufa ku Limbe. Mdalayo anatsuka zonse, anaika ma points atsopano pa 0.4 mm ndi condenser, anapinda kapaipi kachitsulo kuti kayambe kakwera m'mwamba kasanatsikire ku kachitini, kuti petulo asamatsetserekere kumeneko n'kudya rabala. Moto tinautchera pa madigiri 7.5 paipi titaichotsa, kenako n'kuibwezera. Nditatuluka pachipata n'kuponda, galimoto inangonyamuka. Basi. Ndinazungulira mpaka ku Kameza ndi kubwerera, ndikuima dala paliponse kuti ndinyamukenso. Mafuta nawonso anasintha: pomwe ndinkavutika kupeza makilomita 8 pa lita, pano ndimaposa 10 m'tauni momwe.

Kabuleta yotengerayo ikadalipo ndipo sindikuikonda. Kamtengo ka khosi lake kayamba kugwedera, mpweya ukulowera m'mbali, ndiye kulira kwa injini payokha lero kuli apa, mawa kuli apo. Kavalavu kamagetsi kotseka petulo mukazimitsa kanafa miyezi yoyambirira, injini n'kumapitiriza kugwedezeka kiyi nditachotsa kale, mpaka ndinabwezerapo kakale ka pa Solex yeniyeni. Solex yakaleyo ndaisunga, ndikufuna munthu wa lathe aiike mabushi atsopano.

Paipi ya petulo yokutidwa ndi nsalu yomwe inabwera pamodzi ndi zida za ku Johannesburg zija ndiyo inandiopsa. Petulo wathu kuno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa ndi ku Nchalo, ndipo rabala wachabechabe salimba naye. Tsiku lina ndinamva fungo, nditagwira paipiyo nsalu inali yonyowa, rabala wa m'kati atang'ambikang'ambika. Pa Beetle paipi imeneyi imadutsa pafupi ndi distributor ndi mawaya a mapulagi, n'chifukwa chake ma Beetle ambiri anathera m'malawi a moto. Gulani paipi yabwino ya galimoto za masiku ano, mumange ndi ma clamp mbali zonse, muyang'anenso kachitsulo kolowera petulo pa kabuleta ngati sikakusolokoka.

Kuti ndisangodandaula: mu Okutobala ndinatsikira nayo ku Chikwawa pamaliro, tili anayi. Pobwerera masana, dzuwa lija la ku Lower Shire lili pamutu, ndinkayembekeza kuti tiima kangapo pachitunda chija kudikira kuti izizire. Inakwera mu giya yachiwiri ndi yachitatu osadandaula. Titafika pamwamba ndinatsika n'kusolola dipstick, ndipo ndinatha kuigwira m'manja osaitaya. Apa ulemu upite kwa masilinda atsopanowo, komanso ku malata onse ozungulira injini omwe ndinawasakasaka mpaka kukwana, ndi rabala wotseka mpata pakati pa injini ndi bodi kuti mpweya wotentha wa pansi usabwererenso ku fani. Ambiri amataya malata amenewa poganiza kuti ndi zokongoletsa. Injini za kuyambira 1971 zilinso ndi mwayi woti choziziritsa oyilo anachisunthira kunja kwa nyumba ya fani, sichitchinganso mphepo yopita ku silinda nambala 3. Tsiku limenelo mukanandifunsa, ndikanati wogulitsa uja ndi munthu wa Mulungu.

Koma ndikakhala pansi ndi cholembera mtima umasintha. Ndisanalipire, pa WhatsApp ankayankha ngakhale usiku. Nditamulembera za distributor, anayamba wanena kuti makasitomala ake onse amagwiritsa 009 ndipo palibe anadandaulapo. Nditamutumizira vidiyo ya chizindikiro chikuvina pa timing light, anati zida zamagetsi sizibwezedwa, koma angandigulitse electronic ignition pamtengo wabwino. Ndiye kuti ndilipirenso kuti ndikonze chimene iye anandigulitsa. Kuibweza pa basi mpaka ku Johannesburg kukanadya ndalama yoposa mtengo wake. Ndipo katundu woyambayo ndinagula kwacha isanagwe ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Chilichonse chobwera pambuyo pake, ngakhale ma points, ndagula ndi rand yowawa, yosowanso kuipeza. Ndikawerengera kabuleta, distributor, paipi, petulo amene anapsa pachabe miyezi yonse ija ndi kangachepe ka mdala uja, "zowonjezera mphamvu" zija zandidyera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama zonse za injini.

Chilungamo chake, timarabala ta choziziritsa oyilo titasowa m'katoni yoyamba, anatitumiza ulere kudzera kwa mnyamata wina wobwera kumudzi, ndipo sanachedwe. Pa zazing'ono ndi munthu wabwino.

Ndiye achimwene a ku Zomba, yambani mwawerenga zilembo ndi nambala zomwe zili pa injini yanuyo, chifukwa ma Kombi ena a m'ma 1970 ali ndi injini ya mtundu wina, ya 1700 mpaka 2000, yomwe zida za Beetle sizilowa. Ngati ndi 1600, masilinda, mapisitoni ndi mabering'i tengani kwa iyeyo, ine ndingatengenso. Akayamba za kabuleta ndi distributor, muuzeni kuti zanu zilipo, ndipo musataye chilichonse chomwe mwamasula. Muuzenso alembe mndandanda wa zonse ndi mitengo yake musanatumize ndalama. Ine ndamulembera kuti ndikufuna kilatchi yatsopano, koma achotsepo mtengo wa distributor ija. Uthengawo anauwerenga Lachiwiri, sanayankhe, ndipo akapanda kuchotsa kilatchiyo ndikagula kwina.