Chitetezo Mbaula ndi yabwino, koma fomu yake muimvetse musanasaine

Mbaula yadothi ya Chitetezo, imene mabungwe amagawa kapena kugulitsa motchipa m'midzi ya Zomba, imagwira ntchito ndithu. Youmbidwa bwino imachepetsa nkhuni ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu poyerekeza ndi mafuwa, ndipo imayaka ndi zitsononkho, mapesi ngakhale mitengo ya nandolo. Mayi wosenza mtolo kutsika nawo phiri la Zomba amakumva kusiyanako m'khosi.

Posankha, igogodeni ndi chala. Yowotchedwa mokwanira imalira mowongoka, yosapsa imalira mogonthera ndipo sichedwa kung'aluka. Onaninso timitu tokhazikapo poto, chifukwa nditimene timayamba kubenthuka. Nkhuni zouma ziwiri kapena zitatu zakwana. Mukadzaza pakhomo pake mpweya sulowa, utsi umachuluka. Ikadali yotentha musaithire madzi.

Kutchipa kwakeko si chifundo chokha ayi. Tani imodzi ya mpweya wa carbon dioxide (wotuluka nkhuni zikamayaka) imene yapewedwa imawerengedwa ngati carbon credit imodzi. Bungwe limalembetsa ntchitoyo ku Gold Standard kapena Verra, mabungwe akunja otsimikizira ma credit, kenako n'kugulitsa ma credit kwa makampani akunja ofuna kulipirira mpweya umene iwo amatulutsa. Fomu imene mumasaina kapena kudindapo chala ija nthawi zambiri imapereka kwa bungwelo ufulu wogulitsa mpweya umene khitchini yanu yapulumutsa. N'chifukwa chake amalemba nambala ya mbaula, komanso amabweranso kudzaona ngati ikuphikirabe. Palibe cholakwika pamenepo, bola akufotokozereni m'Chichewa chomveka.

Pofooka kwenikweni ndi pa kawerengedwe ka mpweya wopewedwawo. Ofufuza osamala amayeza nkhuni za banja pasikelo kwa masiku angapo, pomwe ofulumira amangofunsa kuti “mumaigwiritsa ntchito?”, ndipo ndani angakane pamaso pa amene adamupatsa? Chonsecho mu June ndi July kuno kumazizira, anthu amabwerera pamafuwa kuti aziwotha moto. Mphika waukulu wapamaliro kapena wa thobwa sukhalanso pambaula iyi. Akawerengera ngati mafuwa adatayidwa pomwe akuyakabe, kampani yakunja imagula mpweya umene sudapulumutsidwe, iyo n'kumapitiriza kufukiza utsi wake.

Itengeni mbaulayi, ndiyoyenera. Koma chala chisanapite pa inki, afunseni kuti mgwirizano ndi wa zaka zingati, ikang'aluka akupatsani ina ndani, ndiponso mudzi upezapo chiyani pa ndalama za ma credit.