Ndemanga: okonza makompyuta a ku Limbe ndi nkhani ya manotsi a kwaya pa laputopu yakale

Ndikupereka nyenyezi zitatu mwa zisanu, ndipo zikanakhala imodzi pakanapanda mnyamata amene amakhala kuseri kwa kauntala. Dzina la shopu sindilitchula. Ndikulembera makamaka inu ophunzitsa makwaya amene mumalemba nyimbo pa makompyuta akale ngati ine, chifukwa zimene ndakumana nazo zikhoza kukupezani kwa wokonza aliyense.

Laputopu yanga ndi Dell Latitude E6400, ija ya Core 2 Duo, RAM 2GB, Windows 7 ya 32-bit. Ndi yakale, koma polemba nyimbo ya mawu anayi sifuna mphamvu yoposa pamenepo. Mapulogalamu olembera manotsi ndili nawo awiri: nyimbo zanga zakale zonse zili mu NoteWorthy Composer, zatsopano ndimalemba mu MuseScore 3 chifukwa imasindikiza bwino ndiponso anzanga a m'mipingo ina amatumiza mafayilo a mtundu umenewo. Hard disk itafa ndinapita nayo kushopuko, anaika ina, Windows anailowetsanso, mafayilo anga onse anawapulumutsa, ndinalipira K45,000. Pa za hard disk ndi mafayilo ndilibe dandaulo.

Vuto linayamba pa mawu. Kunyumba, NoteWorthy inkayimba mothetheka, ndipo ndikalowetsa chingwe pabowo la mahedifoni masipika a laputopu ankapitirizabe kulira okha. Nditabwerera, mwini shopu sanafune n'komwe kuona nyimbo imene ndinkanena. Anati anyamata a masitudiyo onse amagwiritsa ntchito pulogalamu yotulutsira mawu yotchedwa ASIO4ALL, anaiika, anadinadina mu MuseScore, kenako anandigulitsa chingwe cha USB chopita ku MIDI, cholumikizira laputopu ndi kiyibodi yoyimbira, pa K18,000, amvekere ndikachilumikiza ku kiyibodi ya kutchalitchi mawu azituluka okoma kuposa a laputopu. Poyesa anatsegula nyimbo ya mp3 ya pa flash yake, inalira, n'kunena kuti, "Mwamva amayi? Ikuyimba." Ndinawapempha kuti, "Bambo, tatsegulani fayilo yanga ya manotsi timve." Yankho lawo ndi limene likundipwetekabe: "Phokoso ndi phokoso, amayi. Zinazi simungazimvetse." Anali atatembenukira kale kwa kasitomala wina.

Loweruka lake tinali ndi maphunziro a nyimbo za Pasaka pamodzi ndi kwaya ya mpingo wina. Anthu amenewa anakwera minibasi ndi ndalama za m'thumba mwawo, ena amayi ndi ana kumsana, chifukwa ndinawalonjeza kuti aliyense amva mawu ake payekha asanayimbe pamodzi. Kiyibodi yathu ndi Yamaha yakale, ya mabowo ozungulira a mapini 5, ndipo imalowa mu amplifier ya tchalitchi. Ndinalumikiza chingwe chija, ndinatsegula NoteWorthy, ndinasankha chingwecho, ndinadina kuti iyimbe. Mzere woyamba unayamba bwinobwino, anthu n'kumwetulira. Titafika pamene mawu onse anayi amasintha nthawi imodzi, notsi ya tena inakakamira osaleka. Nyimbo ikupitirira, iyo ili chilirire. Kenako ina ya alto inakakamiranso pamwamba pake, kenako ya besi, mpaka tchalitchi chonse chinadzaza kulira kumodzi kosokosa kumene sikunalinso nyimbo. Ndinadina kuti ileke, kamzere ka pa sikirini kanaima, koma kiyibodi osaleka. Mwana wina anayamba kulira, mkulu wa mpingo amene anali mu vestry anatuluka akuthamanga poganiza kuti amplifier ikupsa. Tinachita kuzimitsa kiyibodi pakhoma.

Ndinachotsa chingwecho n'kunena kuti tingomvera pa laputopu. NoteWorthy ndinaibweza ku mawu a Windows, inalira, koma nyimbo imene alendo anabwerera inali mu MuseScore. Nditaitsegula, zii. Kamzere kakuyenda pa manotsi, mawu kulibe. Ndinatseka zonse n'kuyamba ndi MuseScore, inalira, koma tsopano NoteWorthy ndiyo inakhala chete. Anthu akudikira, dzuwa likupendeka. Mapeto ake ndinaphunzitsa ndi pakamwa, soprano, alto ndi tena, koma besi mmero wanga sufikako, moti abambo a besi anabwerera kwawo asanamve mzere wawo bwinobwino. Palibe anandinyoza, koma mayi wina wa kwaya ya alendo anandifunsa mwaulemu ngati adzabwerenso sabata yamawa kapena adikire kaye, ndipo ndinalibe chomuyankha.

Ndinapita kushopu kuja mtima uli m'mwamba. Mwini shopu anati kiyibodi yathu ndiyo yowonongeka, chingwe chake chilibe mlandu, ndipo mankhwala ake n'kuika Windows 10 ndi MuseScore 4, ndiwonjezere ndalama. Ndinali nditayamba kale kulongedza laputopu m'chikwama pamene mnyamata uja, amene nthawi zonse ndinkangomuona atawerama pa ma motherboard, ananena chapansipansi kuti, "Bwana, ndingaione pang'ono?" Kwa ine anati, "Mayi, tsegulani nyimbo yeniyeni imene inavuta, osati ina." Pomwepo ndinadziwa kuti uyu akumva zimene ndikunena. Pambuyo pake anandiuza kuti amayimba kiyibodi kutchalitchi kwawo.

Anayambira pansi. Mu Device Manager anandionetsa kuti pa mawu panalembedwa High Definition Audio Device, imene ndi driver (kapulogalamu koyendetsa chipangizo cha mawu) wamba yobwera ndi Windows. Imaliza masipika, n'chifukwa chake mp3 inkayimba, koma si yeniyeni ya makina amenewa. Anatembenuza laputopu, anawerenga Service Tag pansi pake, anapeza driver ya IDT yogwirizana ndi E6400 pa tsamba la opanga, anaiika n'kuyatsanso. Kuthetheka kunatha, ndipo bowo la mahedifoni linayamba kuzimitsa masipika monga kale. Ntchito imeneyi inayenera kuchitika tsiku lomwe anailowetsa Windows, mkati mwa K45,000 ija.

Kenako anandifotokozera chimene bwana wake anati sindingachimvetse, ndipo ndinachimvetsa bwinobwino. Mp3 ndi mawu ojambulidwa kale, kompyuta imangowatulutsa. Fayilo ya manotsi ilibe mawu mkati. Ili ndi malangizo okha, akuti yambitsa notsi yakuti pa chida chakuti, tsopano ileke. Malangizo amenewa ndiwo MIDI, imene yakhalapo kuyambira 1983, ndipo pamafunika china choti chiwalandire n'kupanga mawuwo. NoteWorthy ilibe chopangira mawu chakechake, imatumiza ku chimene mwaisankhira. Pa Windows chimene chimapezeka kale ndi Microsoft GS Wavetable Synth, mawu ake anachokera ku Roland, ndipo zida zonse 128 za General MIDI zili m'kafayilo kamodzi kotchedwa gm.dls, ka ma MB atatu ndi pang'ono. MuseScore ndi yosiyana, ili ndi chopangira mawu chake mkati, ndipo imangofuna njira yotulutsira ku masipika.

Apa ndi pamene panagona nkhani ya kukhala chete kuja. ASIO inapangidwa ndi a Steinberg kuti ojambula nyimbo asamachedwerwe mawu, ndipo ASIO4ALL ndi pulogalamu yaulere yothandiza makompyuta wamba kuchita zomwezo. Kwa anyamata a masitudiyo ndi yabwino ndithu. Koma ikagwira chotulutsira mawu imachigwira yokha, ngati munthu wofika pa mjigo ndi migolo yake osapatsako mpata wa ndowa imodzi. Bwana uja anali ataika MuseScore pa ASIO4ALL, ndiye MuseScore ikayamba kutsegulidwa, NoteWorthy inalibe potulukira. NoteWorthy ikayamba ndiyo, GS Wavetable inkakhala itatenga kale malo, ASIO4ALL n'kupeza potseka. Mnyamatayo analowa mu Preferences ya MuseScore, pa I/O, anasintha njira yotulutsira mawu (API) kuchoka pa ASIO kupita pa MME, njira wamba ya Windows, anadina batani loyambitsanso zida za mawu, ndipo ASIO4ALL anaichotseratu. Anatsegula mapulogalamu onse awiri nthawi imodzi, onse analira. Anati ine sindijambula zoyimba pompopompo, ndimangomvetsera zolembedwa kale, choncho kuchedwa pang'ono kwa MME sikungandisokoneze.

Za chingwe anayesa pa kiyibodi ina imene inali m'shopumo, manotsi anakakamiranso, bwana wake akuona. Zingwe zotchipa zopanda dzinazi, malinga ndi iye, zimataya malangizo ena akabwera ambiri nthawi imodzi, ndipo likatayika lakuti "ileke", kiyibodi imangopitiriza chifukwa palibe waiuza kuti isiye. N'chifukwa chake zinkachitika pamene mawu anayi akusinthira limodzi. Kiyibodi ya mpingo wathu inanamiziridwa.

Pakanathera apa ndikanathokoza kale, koma anapitiriza. Anafunsa ngati mawu a NoteWorthy amandikhutitsa, ndinati ndi opyapyala koma ndinazolowera. Anaika VirtualMIDISynth ya CoolSoft, yaulere, imene imaoneka pa mndandanda ngati chida china cha MIDI ndipo imayimba ndi SoundFont, fayilo yosunga mawu a zida zoyimbira, imene mwaipatsa. Anandichenjeza kuti pa XP munthu ankasankha chida cha MIDI mu Control Panel, koma kuyambira Vista malo amenewo anachotsedwa, ndiye pa Windows 7 muyenera kusankha mkati mwa pulogalamu. Mu NoteWorthy ndi pa Tools, Options, Midi. Ambiri amaika VirtualMIDISynth n'kuiwala gawo limeneli, kenako amati sikugwira. SoundFont anasankha TimGM6mb, ya ma MB 6 okha, osati zikuluzikulu za ma MB mazanamazana, chifukwa imakwera yonse mu RAM ndipo ine ndili ndi 2GB. Yomweyo anaiikanso mu Synthesizer ya MuseScore m'malo mwa MuseScore_General.sf3, ndipo pulogalamuyo inayamba kutseguka msanga kuposa kale.

Za Windows 10 anayankha mwaulemu bwana wake ali pomwepo. MuseScore 4, imene inatuluka mu December 2022, imafuna Windows 10 ya 64-bit ndi makina amphamvu kuposa angawa. Ya 3.6.2, ya mu 2021, ili ndi mtundu wa 32-bit ndipo ndi imene ndiyenera kukhalapo. Anangondikumbutsa kuti Windows 7 inaleka kulandira zotetezera mu January 2020, choncho ndisamaiike pa intaneti chisawawa ndiponso ndisamale ma flash a anthu. Kanthu kena kamene kandithandiza kwambiri: anati pophunzitsa ndisagwiritse Choir Aahs, chida nambala 53, ngakhale chimamveka ngati anthu, chifukwa mawu ake amayamba mofewa ndipo oyimba samva pamene notsi yayambira. Piyano ndiyo imadula bwino. Church Organ, nambala 20, ndiisungire pomvetsera nyimbo yonse pamodzi. Ndayesa, ndi zoona, a alto aleka kulowa mochedwa.

Pa mwini shopu mtima wanga watsikako, ngakhale si wonse. Ataona manotsi akukakamira pa kiyibodi ya m'shopu mwake sanatsutsenso, anandikokera mpando, ndipo ntchito yonse ya mnyamatayo sanandilipiritse. Anandipatsanso chingwe cha mawu chochoka pabowo la mahedifoni kupita ku amplifier, chimene n'chimene ndinkafunika kuyambira pachiyambi. Mabwana ena akanamukalipira mnyamatayo chifukwa chowatsutsa pamaso pa kasitomala, iwo anamusiya agwire ntchito, ndipo panthawi ina ndinawaona akusuzumira kuti aone mmene akuchitira. Za hard disk ndi zitsulo akuzidziwa. Chimene sakudziwa ndi nyimbo, ndipo m'malo mofunsa anasankha kundichepetsa. Kupepesa pa mawu aja sanapepese.

Tsopano laputopu ikugwira. Mu MuseScore ndimadina F10 kuti nditsegule Mixer, posakanizira mawu, ndimasiya mawu amodzi okha, ndimatulutsa mp3 ya soprano, alto, tena ndi besi payokhapayokha n'kutumiza pa gulu lathu la WhatsApp, ndipo alendo aja anabweranso, abambo a besi anamva mzere wawo. Nyimbo ikakhala ndi zida zambiri imadodomabe pang'ono ngati ndatsegulanso zina, zimenezo ndi za msinkhu wa makinawo, si za shopu. Inu mukamakatenga kompyuta yanu kwa wokonza, musatuluke asanatsegule fayilo yanu ya manotsi, mapulogalamu onse awiri ngati muli nawo awiri, ndipo mulowetse mahedifoni mumve nokha. Chingwe cha MIDI musagule musanayese nyimbo ya mawu anayi pa kiyibodi.

K18,000 ya chingwe chija sanandibwezere. Akuti paketi ndinaitsegula, ngati kuti chingwe chimayesedwa chili m'paketi. Ndinawauza kuti asagulitsenso zotsalazo kwa anthu a kwaya, koma pamene ndinkatuluka zinali zikadapachikidwa pakhoma, mtengo wake womwewo.